Kukweza mawu mvula ikamagwa: mmene dishi imadzisinthira yokha mphamvu polankhula ndi setilaiti

Loweruka lina la mu Januwale tinadzazana m'kanyumba koonetsera mpira pamalo ena ochitira malonda. Chakumpoto kunali kutada bii, koma pamene tinali ife dontho linali lisanagwe ndi limodzi lomwe. Mwadzidzidzi osewera pa TV anayamba kusweka timabokositimabokosi, mawu a wolengeza n'kumadukaduka, kenaka chithunzi chinauma goloboyi ali m'malere. Panangotsala uthenga woti sigino palibe. Patapita kanthawi m'pamene chimvula chinafika n'kuyamba kuswa malata.

Bambo wina wachikulire, amene anali atalipira kale pakhomo, anatembenukira mwini malo. "Achimwene, kodi eni masetilaitiwa sadziwa kuti kuno kumagwa mvula? Bwanji osangokweza mphamvu ngati mmene timakwezera voliyumu?"

Anthu anaseka, koma madalawo sanafunse zopusa. Mphamvu imakwezedwadi mvula ikamagwa, ndipo palibe munthu amene amakhala pampando n'kumapotokola kabatani. Makina amachita okha, usana ndi usiku. Akatswiri amati automatic transmit power control, mwachidule ATPC, ndipo ogwira ntchito m'masiteshoni a setilaiti amakonda kungoti uplink power control. Tanthauzo lake n'lakuti chipangizo chotumiza sigino chimadzikwezera mphamvu njira ikatsekeka, n'kudzitsitsira njira ikayera. Chosokoneza n'chakuti luso limeneli lilipo, likugwira ntchito, koma TV ya kunyumba imazimabe. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyeni tiitsatire sigino pa ulendo wake wonse.

## Ulendo wokwera ndi ulendo wotsika

Masetilaiti amene amatibweretsera TV amakhala pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wa equator, mtunda woposa maulendo 100 ochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre. Pamtunda umenewo setilaiti imazungulira dziko kamodzi pa tsiku, mofanana ndi mmene dziko limatembenukira, choncho kwa ife imaoneka ngati yangoima malo amodzi. N'chifukwa chake dishi mumaikhoma kamodzi osaisunthanso.

Ulendo wa sigino uli pawiri. Imachoka pa siteshoni ya pansi n'kukwera ku setilaiti, umenewu ndiwo uplink. Kenaka imatsika kubwera padenga panu, umenewu ndiwo downlink. Pakati pake pali chipangizo cha m'setilaiti chotchedwa transponder. Pa masetilaiti ambiri a TV, transponder ilibe nzeru yosankha chabwino ndi choipa. Imalandira chimene chafika, kuchisamutsira pa mafunde ena, kuchikuza, n'kuchibweza pansi. Ili ngati chimkuzamawu cha paukwati: wolankhula akanong'ona chimakuza kunong'onako pamodzi ndi phokoso la mphepo, wina akakuwa chimakuza kukuwako.

Mainjiniya amayeza kukula ndi kufooka kwa sigino ndi muyeso wotchedwa decibel, wolembedwa dB. Muyesowu suyenda mophatikiza ngati makilogalamu a chimanga, umayenda mochulukitsa. Kuwonjezera ma dB 3 ndiko kuwirikiza mphamvu kawiri. Ma dB 10 ndi kakhumi, 20 ndi ka 100, 30 ndi ka 1,000. Manambala amenewa muwasunge, tikumana nawo paliponse.

Pa ulendo wokwera sigino imamwazika n'kufooka ndi ma dB pafupifupi 200, nambala imene mukaimasulira ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro 20. N'zoopsa kumva, koma mainjiniya sataya nazo tulo, poti kufooka kumeneku sikusintha: lero, mawa, chaka chamawa n'chimodzimodzi. Amawerengeratu, n'kusankha kukula kwa dishi ndi mphamvu ya ampulifaya zoti zikwanire. Chimene chimawasowetsa mtendere ndi makilomita asanu oyambirira okha, kuchokera padenga kufika pamene mvula imayambira m'mitambo. Pamenepo m'pamene zinthu zimasintha mphindi iliyonse.

## Mvula imadya bwanji sigino

Mafunde a wailesi amasiyana liwiro la kagwedezekedwe kake. Muyeso wake ndi gigahertz, wolembedwa GHz, ndipo GHz imodzi ndi kugwedezeka ka 1 biliyoni pa sekondi. Pa masetilaiti magulu otchuka ndi atatu. C-band imakwera pa 6 GHz n'kutsika pa 4. Ku-band, ya madishi ang'onoang'ono a m'makomomu, imakwera pa 14 n'kutsika pa 11 kapena 12. Ka-band, imene yafala ndi intaneti ya setilaiti, imakwera pa 30 n'kutsika pa 20.

Nambala ikamakwera funde limafupika. Pa 4 GHz funde limodzi ndi lalitali masentimita 7.5, pa 12 GHz masentimita 2.5, pa 30 GHz sentimita imodzi yokha. Dontho la mvula yamphamvu limakula mamilimita angapo. Funde lalitali limadutsa dontho ngati mmene basi imapondera kamwala, osamva kanthu. Funde lalifupi ndi njinga, kamwala komweko kamaligwedeza. Dontho limamwa gawo la mphamvuyo n'kuisandutsa kutentha, gawo lina n'kulimwazira uku ndi uku. Madontho akakhala mamiliyoni pa njira imodzi, sigino imatulukira kutsidya itatheratu.

Masiteshoni akale a madishi aakulu ngati nyumba, monga ya ku Kanjedza mumzinda wa Blantyre kapena ya Mwembeshi ku Zambia imene inatsegulidwa mu 1974, ankalankhula pa C-band, ndipo mvula sinkawavuta kwenikweni. Koma dishi yotero simungaikhome padenga la munthu aliyense, komanso malo pa mafunde amenewo anadzaza. Dziko linasamukira ku Ku ndi Ka, kumene madishi ndi aang'ono, malo ndi ambiri, koma mvula ndi mfumu.

Chimene chimaluma ndi ukali wa mvula pa mphindi imeneyo, osati kuchuluka kwake pa tsiku lonse. Chiperoni ikhoza kuwaza masiku atatu ku Thyolo, zovala osauma pachingwe, TV n'kumaonetsa bwinobwino, chifukwa timadontho take n'tating'ono. Mvula yamabingu ya mu Disembala, ya mphindi 15 zokha, ikhoza kudya ma dB 10 kapena kuposa pa Ku-band, ndipo pa Ka-band 20 kapena 30 si zachilendo.

Mwaona kuti m'gulu lililonse nambala yokwerera ndi yaikulu kuposa yotsikira? Anachita dala. Ulendo wovutawo anaupereka kwa siteshoni ya pansi, imene ili ndi magetsi, jenereta ndi malo oikapo ampulifaya yaikulu, pomwe setilaiti imangodalira masola ake. Ndiye kuti mvula yomweyo imaluma ulendo wokwera kuposa wotsika, ndipo pansi pompano m'pamene pali mpata wochitapo kanthu.

## Bwanji osangokuwa nthawi zonse?

Amene munaphunzirapo m'kalasi ya malata opanda siling'i mukudziwa. Mvula ikayamba, aphunzitsi amakweza mawu. Ikakula, amakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Ndiyeno imadula mwadzidzidzi, iwo n'kupezeka akukuwa okha m'kalasi muli zii, ana n'kumabisa nkhope kuseka. Wina anganene kuti pofuna kupewa chisokonezo, aphunzitsiwo azingokuwa kuyambira m'mawa mpaka poweruka, kaya kuli mvula kaya kulibe.

Njira yakale inali imeneyo: kutumiza mphamvu yoposa yofunika chaka chonse, kuti mvula ikadya pazitsalako. Pa C-band zimatheka, poti chowonjezeracho n'chochepa. Pa Ku ndi Ka zimavuta, chifukwa m'setilaiti simulankhulamo nokha.

Transponder imodzi nthawi zambiri amagawana anthu ambiri: banki, wailesi, kampani ya mafoni, bungwe lothandiza pa ngozi. Ampulifaya yake ndi imodzi, mphamvu yake ili ndi malire. Mmodzi akafika ndi sigino yamphamvu kwambiri amatenga gawo lalikulu, anzake n'kutsika atafooka, ngati uja wotema mbamu zikuluzikulu pa mbale imene mukudyera anthu asanu. Akapitiriza, ampulifayayo imakhuta n'kuyamba kusakaniza masigino, kubala phokoso latsopano logwera ngakhale pa mafunde a anthu osalakwa. Limeneli akatswiri amati intermodulation. Munamvapo sipika DJ ataikwezetsa: mawu sakulanso, amangosasa.

Palinso anansi. Masetilaiti a pamzere uja ndi othithikana, ena otalikirana madigiri awiri okha. Dishi siponya sigino ngati muvi, imaponya ngati tochi, kuwala kwambiri pakati, kwina n'kutayikira m'mbali, ndipo dishi ikakhala yaing'ono kutayikirako kumakula. Mukakweza mphamvu kakhumi, chotayikiracho chimakulanso kakhumi n'kukagwera m'makutu mwa setilaiti ya eni ake. N'chifukwa chake bungwe la ITU la ku Geneva, limene limayang'anira kagawidwe ka mafunde pakati pa mayiko, linaika malire a mphamvu yotayikira m'mbali, ndipo mabungwe a m'mayiko, monga MACRA kuno kwathu, ndiwo amapereka ziphaso kwa ofuna kutumiza.

Kuti sigino yamphamvu imalanda malo, anthu a ku America anazionera ndi maso. Pakati pa usiku, kuchera pa 27 Epulo 1986, John MacDougall, amene ankagwira ntchito pa siteshoni ina yotumiza ku Ocala m'chigawo cha Florida, analozetsa dishi pa setilaiti ya Galaxy 1 n'kutumiza sigino yake pa mafunde a kanema wa HBO. Filimu inazimiririka, oonera n'kuona uthenga wa munthu wodzitcha Captain Midnight, wodandaula ndi mtengo wa $12.95 pamwezi. Injiniya wa HBO anakweza mphamvu kuti alande malo ake, MacDougall naye anakweza, mpaka a HBO anabwerera m'mbuyo poopa kuwononga setilaiti. Zinatenga mphindi zinayi ndi theka. Pambuyo pake anagwidwa n'kulipitsidwa $5,000. Ameneyu anachita dala. Koma makina osintha mphamvu akasokonekera amachita zofananazo mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse pa TV, anansi n'kumangodabwa kuti sigino yawo yadwala chiyani.

Choncho chimene makinawa amafuna n'chakuti sigino izifika pa setilaiti ndi mphamvu yofanana nthawi zonse. Mvula ikadya ma dB 4, siteshoni iwonjezere 4, osati 3, osatinso 7. Setilaiti isadziwe n'komwe kuti pansi kukugwa mvula.

## Siteshoni imadziwa bwanji kuti mvula yadya zingati?

Ntchito yeniyeni ili apa. Aphunzitsi amaona nkhope za ana a kumbuyo, akaona akutchera khutu amadziwa kuti sakumveka. Siteshoni siiona nkhope ya setilaiti. Iyenera kupeza umboni wina.

Njira yoyamba ndi kumvetsera beacon. Kameneka ndi kamluzu kamene setilaiti imaliza dala, kopanda uthenga uliwonse, kolira pa mphamvu imodzimodzi chaka chonse. Siteshoni imadziwa kukula kwa kamluzuko kunja kukakhala koyera. Kakafika kofooka ndiye kuti chinachake chatseka njira, ndipo popeza sigino yokwera imadutsa mumtambo womwewo, nayonso ikudyedwa. Vuto n'lakuti beacon imabwera pa mafunde otsikira, pomwe ife tikufuna kudziwa za okwerera, amene amadyedwa kwambiri. Apa makina amachita masamu oyerekeza. Beacon ya 12 GHz ikafooka ndi ma dB 3, amati pa 14 GHz pafooka pafupifupi 4, n'kukweza mphamvu kawiri ndi theka. Pa Ka-band kusiyanako n'kwakukulu: 20 GHz ikataya ma dB 5, 30 GHz yataya pafupifupi 10.

Njirayi amaitcha open loop, chifukwa palibe amene amabweza yankho loti "tsopano ukumveka". Ndi yachangu, koma imanamizika. Masamu aja amadalira kukula kwa madontho, ndipo mvula siigwa yofanana. Choopsa kwambiri n'chakuti beacon ikhoza kufooka popanda mvula. Mphepo yasuntha dishi pang'ono. Madzi alowa m'chingwe. Kachipangizo kolandirira ka kutsogolo kwa dishi, LNB, kasintha khalidwe ndi kutentha kwa masana. Makina amangoti mvula yabwera, n'kukweza mphamvu kunja kuli ngwee. Ngati vuto linali dishi yopotoka, mphamvu yowonjezerayo ikulunjika kwa mnansi. Nanga chomvetsera beacon chikafa chonse? Makina opusa angaganize kuti kwagwa chigumula cha Nowa n'kutsegula mphamvu yonse. Opanga amadziwa zimenezi. Amaika lamulo loti beacon ikasowa mwadzidzidzi makina abwerere pa mphamvu ya tsiku loyera, kapena aime pomwe anali, n'kuliza alamu. Amaikanso malire oti zivute zitani asadumphe.

Zonsezi zimatsamira pa chinthu chimodzi chimene amaika ndi munthu: mulingo wa tsiku loyera. Woika dishi yotumiza amaimbira foni ofesi yoyang'anira setilaiti, a kumeneko akuiona sigino yake pa kompyuta n'kumamuuza kuti akweze, atsitse, apotoze pang'ono, mpaka atagwirizana. Akachita zimenezi kunja kuli chimtambo chakuda, pothamangira minibasi yomaliza, makina asunga mulingo wabodza, ndipo dzuwa likawala dishiyo izikuwa chaka chonse. Mwa zonse za m'nkhani ino, ichi n'chimene ine ndimachiona chosavuta kupewa, komanso chosavuta kunyalanyaza.

Njira yachiwiri ndi kudzimvera wekha. Siteshoni ikakhala m'dera limene setilaiti imawazako, ikhoza kulandira sigino yake yomwe ikubwerera. Yobwererayo yadutsa mumvula kawiri, pokwera ndi potsika, pomwe beacon yadutsamo kamodzi, potsika. Mukachotsera kufooka kwa beacon pa kufooka kwa sigino yobwerera, chotsalacho ndicho chadyedwa pokwera. Apa kuyerekeza kwachepa, kuyeza kwachuluka.

Njira yachitatu ndiyo amayendera madishi ang'onoang'ono otumiza ndi kulandira, otchedwa VSAT, aja mumawaona pa mabanki, pa zipata za m'malire a dziko, pa zipatala za kutali ndi pa nsanja zina za mafoni kumene chingwe cha fibre sichinafike. Onsewa amalankhula ndi siteshoni imodzi yaikulu yotchedwa hub. Hub imayeza mmene dishi iliyonse ikumvekera poyerekeza ndi phokoso, n'kuiuza kuti ikweze pang'ono kapena itsitse pang'ono. Imeneyi ndi closed loop: amene akukumva ndi amene akukuuza. Nayo ili ndi msampha wake. Tiyerekeze mvula ikugwa pa hub, osati pa madishi aja. Hub imva onse atafooka, ndipo ikapanda kuchenjera iuza madishi mazana kuti akuwe, setilaiti n'kukhuta ndi mphamvu yosafunika. Zili ngati munthu amene madzi amulowa m'khutu posamba, n'kumakalipira mudzi wonse kuti ukunong'ona. Hub yabwino imayang'ana kaye beacon yake, ndipo ikaona kuti onse afooka nthawi imodzi imadziwa kuti vuto lili pakhomo pake.

Kenaka pali nkhani ya nthawi. Sigino imatenga pafupifupi kota ya sekondi kukwera ndi kutsika. Kuti dishi itumize, hub imve, iyankhe, yankho lifike, theka la sekondi latha. Foni yanu ya m'manja imachitanso zomwezi ndi nsanja: pa netiweki ya 3G nsanja imailamula kukweza kapena kutsitsa ka 1,500 pa sekondi, poti ili pafupi. Pa setilaiti yakutali lamulo lililonse limafika litakalamba kale, likunena za mvula ya theka la sekondi lapitalo. Mwayi wake ngwakuti kufooka kwa mvula nthawi zambiri kumakula pang'onopang'ono, pa masekondi angapo, kotero makina amatha kukutsatira. Koma mumlengalenga mulinso kuphethira kwa sigino kofulumira, kofanana ndi kuthwanima kwa nyenyezi, kumene makina sayenera kukuthamangitsa.

Wophika nsima amalidziwa vuto limeneli. Mukathira ufa simuthiranso pompo, mumavundula kaye kuti muone ngati wagwira. Wopupuluma amathira, akuona ngati ikadali yamadzi, athiranso, mapeto ake yalimba ngati mwala, ayamba kuthira madzi, yafewetsanso. Makina opupuluma nawo amakweza mopitirira, kutsitsa mopitirira, sigino n'kumapita uku ndi uku ngati katungwe, chikhalirecho mvula yake sinasinthe. Choncho amawakonza kuti aziyenda timasitepe ting'onoting'ono, theka la dB kapena kucheperapo, azidikira zotsatira, ndipo kusintha kochepetsetsa azikunyalanyaza. Kutsika nako n'kofunika ngati kukwera. Mtambo ukachoka siteshoni ikadali pa ma dB 8 owonjezera, ndiye aphunzitsi aja akukuwa m'kalasi muli zii.

## Mphamvu ili ndi denga

Tengani dishi ya VSAT imene imafuna wati imodzi kunja kukakhala koyera. Kabokosi kake kotumizira, kamene amakatcha BUC, kakakhala ka mawati 4, mpata wonse ndi ma dB 6 basi. Kuti igonjetse ma dB 10 ifunika mawati 10. Ma dB 20, mawati 100. Ma dB 30, mawati 1,000: chimakina chodula, chotentha, chodya magetsi, chimene mphamvu yake yonse imafunika maola ochepa pachaka. Palibe amene angachigulire chipatala cha kumudzi choyendera sola. Masiteshoni akuluakulu ali ndi maampulifaya a mawati mazanamazana, komabe nawo ali ndi polekezera.

N'chifukwa chake mainjiniya salonjeza kuti sigino siidzaduka. Amalonjeza maperesenti. Lonjezo la 99.9 peresenti ya chaka limasiya maola pafupifupi 9 opanda sigino, la 99.5 limasiya maola 44. Kuno kwathu maola amenewo sagawika mofanana pa miyezi 12. Amaunjikana pakati pa Novembala ndi Epulo, makamaka masana ndi madzulo, nthawi ya mabingu, imenenso mwatsoka ndi nthawi ya mpira. Powerengera amagwiritsa ntchito mapu a ukali wa mvula ndi masamu a ITU, ochokera mu kafukufuku wa zaka zambiri. Setilaiti ya ku Ulaya ya Olympus, imene inaponyedwa mu 1989, ndi ya NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, yotchedwa ACTS ya mu 1993, zinathandiza kwambiri kuyeza mmene mvula imadyera mafunde a 20 ndi 30 GHz.

Denga likafika pali njira zina. Yodziwika kwambiri ndi kusintha kalankhulidwe: kulankhula pang'onopang'ono n'kumabwereza mawu ofunika. Muyezo wa katumizidwe ka sigino pa setilaiti wotchedwa DVB-S2, umene unatuluka mu 2005, unabwera ndi luso lotchedwa ACM, loti modemu, kabokosi kolumikiza dishi ndi kompyuta, imachepetsa uthenga wonyamulidwa pa sekondi n'kuwonjezera manambala okonzera zolakwika. N'chifukwa chake intaneti ya setilaiti mvula ikamagwa imayamba yachedwa isanaduke. Makina ambiri amakono amaphatikiza ziwirizi, kukweza mphamvu ndi kutsitsa liwiro. Ina ndi kumanga siteshoni yachiwiri pamtunda wa makilomita makumi angapo. Mtambo wamabingu ndi waukali koma ndi wochepa thupi, mvula imagwa ku Area 25 ku Area 23 kuli fumbi. Ukatseka siteshoni imodzi ntchito imasamukira ku inzake. Zimenezi n'zodula, amakwanitsa ndi makampani akuluakulu okha.

## Masetilaiti ouluka pafupi

Intaneti ya setilaiti ya Starlink, imene inayamba kupezeka ku Malawi mu 2023, imagwiritsa ntchito masetilaiti ambirimbiri ouluka pamtunda wa makilomita mazana angapo okha. Amenewa saima, iliyonse imadutsa thambo m'mphindi zochepa. Ikakhala pamutu ili pafupi, ikapendekeka chakumunsi mtunda umawirikiza kawiri, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri sigino imafooka kanayi, ma dB 6. Ndiye kuti pa masetilaiti a mtundu umenewu nkhani yosintha mphamvu siidikira dzinja, ilipo ngakhale mu Ogasiti kopanda mtambo. Chabwino n'chakuti yankho limabwera msanga, poti mtunda ndi waufupi. Chovuta n'chakuti amagawana mafunde a Ku ndi Ka ndi masetilaiti akale aja a pamwamba pawo, choncho malamulo a ITU amawaikira malire kuti asawasokoneze. Mvula nayo sinawakhululukire.

## Nanga TV ija?

Dishi ya TV ya pakhomo siitumiza kanthu, imangomva. Mtambo ukakhala pakati pa denga lanu ndi setilaiti, pakhomo panu palibe chokweza. Nanga setilaitiyo bwanji osakweza? Maampulifaya ake a TV amakhala kale pafupi ndi malire, ndipo sigino imodzimodziyo imawaza mayiko ambiri nthawi imodzi. Siingakwezere Mponela yokha kusiya Lusaka ndi Harare. Kulankhula pang'onopang'ono kwa ACM nako sikuthandiza pa TV, poti anthu mamiliyoni akutunga pa mpopi umodzi, simungachedwetse mpira wa onse chifukwa kwa Jali kwagwa mvula. Kuwonjezera apo, mtambo wa mvula umatulutsa phokoso lakelake pa mafunde a wailesi, ndiye dishi yanu imalandira sigino yochepa m'kati mwa phokoso lochuluka.

Kumene luso limeneli limakutetezani n'kumene simukuona. Tchanelo chimene mukuonera chimakwezedwa kuchokera ku siteshoni ya kutali, mwina ku Johannesburg, mwina ku Ulaya. Ku Johannesburg kumachita mabingu oopsa miyezi yomweyi ya dzinja lathu. Mtambo ukatseka siteshoni yokwezera, otaya chithunzi ndi onse oonera tchanelocho, kuyambira ku Mzuzu mpaka ku Chipata, ngakhale kwawo kuli dzuwa. Makina aja amakweza mphamvu, mtambo n'kudutsa, n'kutsitsanso, inu osadziwa kalikonse.

Pakhomo, chimene muli nacho ndi mpata umene dishi yanu yasunga tsiku loyera. Dishi ya masentimita 90 imakola mphamvu yoposa kawiri ya masentimita 60, ma dB atatu ndi theka. Dishi yolozetsedwa mwachisawawa imaonetsa bwinobwino mu Julayi, chifukwa TV ya digito siisonyeza kudwala: imaoneka yathanzi mpaka pa malire, kenaka n'kugwa kamodzi. Mu Januwale m'pamene mumadziwa kuti woika dishi anakusiyani m'mphepete mwa phompho. Dzimbiri, madzi olowa polumikizira chingwe, nthambi ya mango imene yakula chaka chino, zonsezi zimadya mpata womwewo mvula isanalawe n'komwe.

Popeza tili kumwera kwa equator, madishi athu amayang'ana chakumpoto, ena kumpoto chakum'mawa. Tsiku la mpira lija chithunzi chinazima mvula isanafike chifukwa mtambo unachokera kumene dishi inkayang'ana, unatseka njira usanafike padenga pathu. Chinabweranso patatha mphindi ngati 20, malata akadali kusokosa, poti phata la mtambowo linali litadutsa kupita kumwera. Pangodya ya TV panalembedwa 1–0. Madala aja anaimirira n'kufunsa mwini malo ngati chigoli chimene sanachionecho chinali m'gulu la zimene analipira.